Mabokosi a Bambo ku Valdivia

Mvula ya ku Valdivia sidziwa kutopa.
Idayamba tsiku lomwe tinaika bambo m'manda
ndipo inali ikugwabe pamene ndinatsegula kabati yawo:
mabokosi khumi ndi limodzi,
fungo la mankhwala a njenjete,
zikumbu zolasidwa ndi mapini, ndandanda
ngati ana asukulu odikira belu.

Eliodoro, munthu wa positi.
Zaka makumi atatu pa njinga,
thumba lina la makalata, lina la timabotolo.
Kalata iliyonse anaifikitsa kwa mwini wake,
koma izi anandisiyira zopanda mayina.

Ndinayambira ku laibulale.
Nibaldo anakwera makwerero, natsika ndi fumbi m'tsitsi
ndi buku lolemera ngati njerwa,
lonse m'Chijeremani.
Ndinangoona zithunzi monga mwana.
Lachiwiri linali la Chisipanishi chathu
koma lodzaza ndi mphambano:
nyanga zikakhala ndi mfundo khumi ndi imodzi, pita pa 14;
ngati ayi, pita pa 30.
Ndinayenda usiku wonse ndi galasi lokuzira zinthu m'manja,
kutacha buku linandiuza molimba mtima
kuti chikumbu cha m'dimba la bambo
chimakhala m'madzi, kutsidya kwa nyanja.

Safunsa anadya phula.
Ndinakulunga bokosi limodzi m'jekete,
ndinawoloka mlatho kupita ku yunivesite.

Mayi Leontina sanayang'ane zikumbu poyamba.
Analoza kaufa kofiirira pansi pa mapini:
“Ili si fumbi, mwanawe.
Muli tizikumbu tamoyo tikudya takufa.
Kaike zonse mufiriji, pozizira penipeni,
mayina tikambirana pambuyo.”
Masabata awiri chuma cha bambo chinagona
pakati pa nsomba ndi nsawawa.

Kenaka anandikhazika pa maikulosikopu.
Usakhulupirire mtundu, anatero, mtundu umanama.
Werenga mfundo za kuphazi.
Tembenuza, uone kumimba.
Anatsegula madirowa awo, ndifanizire changa ndi chawo,
nandibwereka timapepala tomatidwa ndi selotepi
tolembedwa ndi anthu amene anamwalira kale
akukanganabe za tsitsi la pamwendo wa kachirombo.

Mayina anabwera pang'onopang'ono
ngati madzi odontha padenga.
Chanyanga zazitali kuposa thupi lake,
anankafumbwe a milomo yosongoka,
oyenda pansi onyezimira ngati mafuta pamadzi.
Chilatini chinkandiluma lilime
koma ndinachilemba, ndi pensulo, pang'ono pang'ono.

Chatsala chimodzi.
Chobiriwira, chochepa ngati njere ya mpunga,
chothyoka mwendo wakumbuyo.
Mabuku onse atatu amachilambalala.
Tinatumiza chithunzi kwa katswiri ku Santiago;
yankho linafika patatha miyezi inayi, mizere iwiri:
Chithunzi sichikwanira.
Tumizani chikumbucho.

Ndinazula pini kuti ndichilongedze.
Pansi pake panali kapepala kopindidwa kanayi,
kochepa kuposa chikhadabo,
inki yozilala, dzanja lopendekera la bambo:
Niebla, pansi pa khungwa, Januwale 1979,
tsiku limene Herminia anayamba kuyenda.

Mayi Leontina anawerenga, navula magalasi.
“Dzina lidzapezeka, kaya mawa, kaya ife titapita.
Malo ndi tsiku ndiye sizigulidwa.
Bambo ako ankadziwa ntchito.”

Envulopu ili patebulo, sitampa ndamata kale.
Mwana wa munthu wa positi
sayenera kusunga kalata.
Koma lero ndi Lachisanu, mvula yakula,
ndipo m'bokosi lachisanu ndi chiwiri
muli mzere wonse sindinautembenuze
kuti ndione zomwe analemba pansi.