Mikwingwirima Itatu

Anabwera naye usiku, chipale chofewa chili m'mapewa,
kuchokera kumapiri a kumtunda kwa Suceava,
atamukulunga m'bulangete la ubweya wa nkhosa lonunkha utsi.
Chibayo. Ndinachimva ndisanamukhudze n'komwe,
kapumidwe kaja ka wezulo yong'aluka.

Ndinamuvula malaya kuti ndimve m'chifuwa.
Pamsana, mikwingwirima itatu,
iwiri itada kale, umodzi udakali psuu,
m'lifupi mwake mwa lamba wa munthu wamkulu.
Ieremia, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anandiyang'ana
ngati wolakwa ndine amene ndaiona.

Kusukulu ya unamwino anatiphunzitsa kayankhulidwe kake:
usaloze chala, yamba ndi kufunsa,
khala pansi kuti maso alingane.
Sanatiuze chochita bambo wake akakhala wa manja
ong'ambika ndi macheka, utomoni wa paini m'zikhadabo,
amene wapemphera njira yonse m'galimoto yobwereka
mpaka mawu kusasa.

Ndinadikira mpweya uyambe kuyenda m'timachubu,
ndinadikira Rahela, mayi wake, aleke kunjenjemera,
ndiye ndinati, a Gavril, tiyeni panja apa.
Tiyi wa m'makina, makapu awiri a pepala.

"Anaba ndalama ya chopereka," anatero,
"n'kukagulira chingamu. Ndikamulekerera lero
ndidzayankha chiyani pamaso pa Mulungu?
Mtengo amauongola udakali nthete.
Ine bambo anga ankandikwapula ndi chingwe cha hatchi.
Si ine pano? Sindimwa. Sindinagonepo m'chitolokosi."

Mawu anadzaza m'kamwa, onse akuthwa.
Ndinawameza.
Ine amene mayi anga ankandigwaditsa pa makoko a mtedza
pansi pa chithunzi cha oyera mtima, kandulo ikuyaka,
moti mpaka lero ndikagwada m'tchalitchi
mawondo amayamba kukumbuka mtima usanayambe kupemphera.

Ndinati: za Mulungu sindikutsutsani,
mwina mumamudziwa kundiposa.
Ntchito yanga ndi khungu.
Za mitengo katswiri ndinu,
ndiuzeni ngati woongola mtengo amausenda khungwa.
Pomwe ndimakweza dzanja kuti ndikoleke diripi
mwana wanu anabisa mutu m'mikono.
Singano sanaiope. Anaopa dzanja.

Zii.
Kunja kunadutsa lole yowaza mchere mumsewu,
nyali yake yachikasu ikuzungulira padenga.
Tiyi anazizira.

Ndinawauzanso chimene sindikanabisa:
pali fomu, ndiyenera kulemba zomwe ndaona,
Lachiwiri kubwera mayi wa ku ofesi yoona za ana.
Sindikuchitirani kumbali, ndikukuuzani pamaso.
"Ndiye kuti mwandiweruza kale."
Ayi. Ndalemba mikwingwirima itatu.
Ndalembanso kuti munamubereka pachipale
makilomita awiri kukafika pamsewu.
Zonsezo n'zoona, ndipo pafomupo malo alipo.

Patapita nthawi anafunsa, maso ali m'kapu,
"Nanga akadzabanso?"
Ndinawauza zochepa zimene ndikudziwa:
akabweze yekha ndalamayo m'manja mwa mkulu wa mpingo,
inu mutaima pambali pake.
Mtima ukakwera, yambani mwatuluka, kawazeni nkhuni,
mukambe naye thukuta litauma.
Anaseka kam'mphuno.
"Nkhunizo zidzakwanira mudzi wonse."

Kaya zinalowa, kaya zinangodutsa, sindidziwa.
Ambiri amavomera usiku, kukacha n'kukhala ena,
ndipo ine Lachiwiri ndili pa holide.

Cha m'ma folo koloko ndinadutsa ndi thireyi ya mankhwala.
Rahela anali atagona chokhala, mpango utasendera.
A Gavril anali chogwada pambali pa bedi,
chipewa pansi, milomo ikuyenda,
dzanja lija lili m'malere pamwamba pa msana wa mwana,
osatsika, osachoka,
ngati sakudziwa poliika.

Ndinayeza kutentha kwa thupi. Kwatsikako pang'ono.
Ndinalemba nambala, ndinasaina: Domnica.
Pa bedi lachisanu wina anali atayamba kulira.