Mbewa Yopanda Mchira

Ndinaigula pa Kapata Lachiwiri lina
kwa mnyamata wa machaja ndi mabatire.
Anati, "Iyi ilibe chingwe, amayi, musangalala."
Ndinasangalaladi, masiku asanu ndi anayi.

Lero Bambo Shanzi ali pabenchi kuyambira m'mawa,
chipewa pabondo, envulopu pachifuwa,
akudikira kalata ya penshoni
imene ndiyenera kusindikiza magetsi asanapite.
Zaka makumi atatu anayeza thonje kudepoti,
ndipo chimene chaima pakati pa iwo ndi ndalama zawo
ndi kamuvi aka pagalasi la kompyuta,
kakunjenjemera ngati kagwidwa malungo.

Ndikakankhira kumanja, kathawira kumwamba.
Ndikachotsa dzanja, kayenda kokha,
kakabisala pangodya ngati mwana woswa mbale.
Ndikadina pa dzina lawo
katsegula khadi la ukwati wa anthu ena.

Ndayamba ndi batire.
Ndachotsa la m'wotchi ya pakhoma,
nthawi yaima pa teni koloko,
koma kamuvi sikanaime.
Ndazula kachitsulo kake kumbuyo kwa kompyuta,
kaja kochepa ngati dzino la mwana,
ndakapemerera, ndakabaya pabowo la kutsogolo.
Ndasuntha foni, ndasuntha wailesi,
poti mlamu wanga Yelesani amati
zinthu zopanda zingwe zimayankhulana mumphepo
ndipo zikachuluka zimalandana mawu
ngati oitanira basi ya ku Lundazi.
Ndayala buku la malisiti pansi pake
mwina thebulo laterera kwambiri.
Ndazimitsa zonse, ndawerenga mpaka makumi awiri,
ndayatsanso.

Kamuvi kadzuka, kajambula mzere wokhota,
kabwerera pangodya pake.

Bambo Shanzi atsokomola pang'ono.
"Mwanawe, dzina lake mwati n'chiyani?"
Ndati mausi, ndiye kuti mbewa.
Aseka mpaka chipewa chagwa.
"Kwathu ku Katete ndakumba mbewa kuyambira ndili wamakabudula.
Ikatuluka kuuna umaigwira kumchira.
Nanga iyi, yopanda mchira, muigwira pati?"

Sindinaseke.
Yakale ija ya chingwe ndinapatsa mwana wa mchemwali wanga,
akuikoka pabwalo ngati galimoto.

"Itanani anzanu," atero.
"Yamanyazi inafera kuuna."

Ndagogoda pakhoma la pulanga.
Zelipa wa saluni wabwera ndi chipeso m'tsitsi,
manja akununkha mafuta.
Kompyuta saidziwa, sanaigwirepo.
Wangoinyamula mbewayo, waitembenuza chagada
monga amachitira ndi mutu wa kasitomala,
wasuzumira m'kadiso kofiira ka kumimba kwake.
"Ha! Mesi yanga iyi."
Wazula singano pa bulauzi,
watokosa pang'onopang'ono, lilime panja,
watulutsa katsitsi kamodzi,
kakuda, kopota, kosafika ndi chala,
kamene kanadutsa pamng'alu wa khoma
tsiku lija ankaluka akwati atatu motsatizana.

Ndaibweza pathebulo.
Kamuvi kayenda mowongoka
ngati mwana wasukulu waona ahedi.

Makina alira, pepala latuluka lofunda.
Bambo Shanzi aliwerenga kawiri, chala pansi pa mzere uliwonse,
apeza kuti ndalemba Shazi,
ndakonza, latulukanso.
Alipira ndi ndalama zachitsulo zomanga m'kampango,
aitana njinga, akhala kumbuyo
envulopu ili m'kati mwa malaya.

Asanakhote pa msewu wa ku Boma
feni yaima, galasi lada.
Zelipa wafuula kuseri kwa khoma
kuti wina wamutsalira ndi tsitsi lonyowa.

Ndakhala mumdima wa masana
mbewa ili m'dzanja, diso lake likuyakabe.
Ndabweza batire m'wotchi
koma sindikudziwa kuti ndiike nthawi yanji.
Katsitsi kaja kali pa buku la malisiti.
Mawa ndigula selotepi
ndimate mng'alu uja.