Ovasitei

Tinaligula Loweruka, ine ndi Fostino, theka theka,
kuti Lamulungu tidye nkhuku yeniyeni,
yomwe inapondapo dothi,
osati zoumitsa za m'mapepala zija
zosungunuka ngati sopo zikangomva moto.
Tinalimangirira ku mpope, kuseri kwa kachipinda kathu ku Turffontein.

Usiku linamasula chingwe.
Msampha umene MaSithebe, mwini nyumba, anatchera makoswe,
makoswe a ku Joni, onenepa, osapatukira munthu,
sunafunse kuti wabwera ndani.

M'mawa ndinalipeza pansi pa beseni losweka,
mwendo wamanzere uli lendee,
mlomo yasa, osalira.
Fostino anati, "Zatipepukira. Tereka madzi."
Mpeni ndinali nawo kale m'manja.
Koma thadzi linandiyang'ana cham'mbali, ndi diso limodzi,
momwe ndinamuyang'anira foromani ku Midrand
tsiku lomwe makwerero anandigwetsa,
iye akundiwerengera ndalama za masiku atatu
n'kumati, "Ukachira udzaimbe."
Nambala yake ndikadali nayo. Sayankha.

Lamulungu limenelo tinadya kabichi.

Timitengo tiwiri ta ayisikirimu
ndinatola pakhomo pa sipaza ya Msomali,
madzi ofunda a mchere, mkono wa malaya akale,
ndi tepi yakuda yomangira mawaya.
Fupa la nkhuku ndi kanthu kachabechabe,
ngati udzu wofolera.
Ndinaliwongola nditagwira mpweya.
Linandijompha pachala mpaka magazi.

Juni wa kuno amaluma.
Ndinaligoneka m'katoni ya nthochi, kumiyendo kwa bedi,
magetsi akazima, botolo la madzi otentha m'sokosi.
MaSithebe anasuzumira pazenera:
"Lendi ija ndi ya anthu awiri, si atatu."
Madzulo ake tinapeza mbale ya mkute wa mpunga pakhomo,
yovundikira bwino.
Sitinafunse, iwonso sananene.

Esinala pa foni, ali ku Ntcheu:
"Ya feteleza mukuti kulibe,
koma nkhuku ili ndi dokotala wakewake."
Anaseka mpaka mwana anadzuka.
Kenaka, mawu atatsika: "Muzithira phulusa pachilondapo.
Nanga mulipeza kuti phulusa, inu ophikira pa waya?
Nanga inuyo, bondo lija?"
Ndinati netiweki ikuvuta.

Phulusa ndinakapempha kwa mayi wootcha chimanga pakona.
Anandipatsa m'kapepala, akundiyang'ana
ngati ndikukapanga nalo za usiku.

Dzina analitcha ndi Fostino:
Ovasitei,
poti tsiku lake lonyamuka linadutsa, ilo likadali pompano.
Theka lake ndinamubwezera pang'onopang'ono,
ma faifi randi, ma thuu randi,
iye akulemba pa khoma ndi msomali.

Sabata yachitatu ndinadula tepi.
Linakhala kaye phee, ngati likuwerengera.
Kenaka linaimirira.
Mwendo unalumikizana mokhota,
zala zikuloza ku phiri lachikasu la mgodi wakale
pamene mutu ukuloza kumpope.
Phazi limodzi. Lachiwiri. Linagwa. Linadzukanso
osandiyang'ana n'komwe.

Tsopano tikamadutsa pabwalo, ine patsogolo ilo pambuyo,
adzukulu a MaSithebe amagubuduka ndi phwete:
tonse awiri timatsimphinira kumanzere.

Dzira silinaikirepo ngakhale limodzi.
Fostino akuti ndinagula nkhalamba.
Mwina.

Lero kusanache ndalimva likupalasa simenti,
kwee, kwee, ndi mwendo wokhota womwewo,
pamalo popanda nyongolotsi, popanda chiswe, popanda njere,
likupalasabe.
Ndamanga nsapato, yamanzere momasula pang'ono,
ndanyamula chikwangwani changa cha katoni
ndi chodulira matailosi,
ndikukaima pa maloboti a ku Booysens
pamodzi ndi anzanga makumi awiri,
kudikira bakki yomwe ingachepetse liwiro.

Geti ndatseka bwino.
Msampha uja ndinauponya padenga.