Ndime Yachisanu ndi Chiwiri

Ndine ndinakweza dzanja chaka chatha
ku msonkhano wa aphunzitsi a masewero ku Ngabu,
thukuta likuyenderera mpaka m'masokosi.
Pakhosi panga panali pataima zigoli makumi atatu
zomwe anatimwetsa mayi wina wa yunifolomu yobwereka,
uja pa nthawi yopuma anathamangira patsinde pa bwemba
kukayamwitsa mwana.
Ndinati, lembani!
Wosamuka sukulu asakhudze mpira teremu yathunthu,
abwerenso ndi kalata ya chidindo cha ahedi akwawo.
Anandiombera m'manja. Tinasaina.
Inakhala ndime yachisanu ndi chiwiri.

Kenaka Ruo anasiya njira yake usiku
n'kulowa m'makalasi a kutsidya osagogoda.

Lozina Chapepa anafika pa Bangula pa bwato la ngongole,
kudzera pa Mtayamoyo,
atasenza chidebe momwe munali makope awiri otupa
ndi nsapato imodzi.
Wamtali ngati mgwalangwa. Fomu folo.
Sabata yoyamba sanayankhule ndi munthu.
Yachiwiri ndinamuona kuseri kwa matenti
akuponya mpira wa majumbo
mu limu ya njinga yokhomedwa pamtengo:
khumi, khumi ndi chimodzi, khumi ndi ziwiri,
ndinaleka kuwerenga, choko chitasungunukira m'dzanja.

Kalata ili kuti, mwanawe?
Anandiyang'ana monga ndafunsa msinkhu wa mphepo.
Ofesi ya ahedi lero ndi mchenga wofika m'mawindo.
Chidindo mwina chili m'mimba mwa mlamba,
kaundula anapita ku Zambezi ndi maina onse.
Ahediwo akuti ali kwa apongozi kumtunda,
foni yawo imangoti sakupezeka.

Ndinapalasa njinga kukapempha kwa wapampando.
Bambo Jusa anatulutsa pepala m'fayilo,
nanditambasulira mwaulemu patebulo,
chala chawo chitagona pa siginecha yanga.
Lamulo silidziwa madzi, aphunzitsi,
mukafuna tidzakonza mu Ogasiti.
Ogasiti! Mayeso adzakhala atatha,
mwanayu adzakhala akutola thonje m'munda wa eni.
Ndinatchera diwa kuti ligwire khoswe
koma laphwanya nkhuku yanga.

Ndiulule tsono.
Usiku wa Lachisanu ndinatsegula kaundula wathu.
Muli dzina la Esinta Fombe, amene anakwatiwa mu Disembala,
sitinalifufute.
M'mawa ndinamuitanira kuseri kwa laibulale:
lero lokha, ukhale Esinta.
Akakufunsa, wakhala pano chiyambire fomu wanu.

Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi,
nthawi yaitali, mpaka belu la ku tchalitchi linalira.
Takhuta, a sala, anatero m'chinenero cha amake,
koma madzi anatenga mbuzi, chitseko, chithunzi cha bambo.
Anandisiyira dzina lokha.

Masana ake dzuwa linaima pamutu ngati wangongole.
Iye ndiye analemba mizere ya bwalo ndi phulusa,
yowongoka kuposa yanga,
iye ndiye ananyamula ndowa ya madzi ndi kapu imodzi.
Tinagonja ndi zigoli zinayi.
Chakumapeto mpira unathawira kunja,
n'kugwera m'manja mwake, pafupi ndi ndowa.
Bwalo lonse linati zii.
Ndinaona zigongono zikukwera zokha,
maso atapeza kale mkombero uja,
ndipo anapuma,
naupereka kwa woimbira ndi manja awiri.

Tsopano ndakhala pansi pa nyali, udzudzu ukundiimba,
ndikulemba chikonzero cha ndime yanga:
kupatula amene wasamutsidwa ndi madzi.
Ndafufuta. Nanga chilala?
Nanga amene bambo ake achotsedwa ntchito ku nzimbe za ku Nchalo?
Nanga wamasiye amene amalume amutenga?
Pepala ladzaza, ndatembenuza kuseri.
Panja, kuseri kwa matenti,
limu ija ikulirabe.