Uthengawu Wafufutidwa

A Dokotala Chavula anati, werenga mawuwo,
uwaike m'mabokosi. Usawamvere chisoni, ndi deta chabe.
Ndiye ndili kuno ku Luwinga sabata yachitatu,
bulangete m'mapewa, mvula ya mawawa pamalata,
ndikutola zomwe anthu ankalemberana pafoni
masiku a zionetsero aja.

"Tatopa," ka 412.
"Tavuka," ka 690,
poti kuno mkwiyo ukafika pakhosi umasintha chilankhulo.
Kampanda kaja amaika kutsogolo kwa mawu
sikanatchinge kanthu.
Mawu anadumpha, anafika ku Zolozolo tambala asanalire.

Palibe amene analemba kuti zionetsero.
Anati, mawa kuli ukwati pa Katoto,
bwerani ndi nsapato zothamangira.
Apolisi anali alamu.
Cha m'ma leveni mayi wina wa mumsika analemba,
alamu ayamba kudula anyezi,
nyowetsani mipango.
Ndinaseka ndekha m'chipinda muno
mpaka ndinakumbukira chifuwa cha mwana wa aneba
chikulira ngati chitseko usiku wonse uja.

Izi zonse zili ndi bokosi lake:
nthabwala, chiphiphiritso, kutukwana, pemphero,
opempha bandulo kuti atumize kanema.

Koma chiganizo chomwe chapambana onse,
ka 1,106,
sanachilembe munthu.
Uthengawu wafufutidwa.
Uthengawu wafufutidwa.
Timizere totuwa tondondozana
ngati mipata m'kamwa mwa wogululidwa mano.

Umodzi ndi wa msuweni wanga Walusungu,
wa kabaza, wa ku Chibavi,
amene salemba mpumiro ngakhale umodzi,
amangopalasa mawu ngati akutsika mtunda wopanda mabuleki.
11:42, tafika pa raundabauti tilipo ambiri
11:58, wafufutidwa.
Kenaka zii, masiku anayi.

Dzulo ndinamupeza pa siteji yake, pafupi ndi depoti,
mwendo uja sunawongokebe,
njinga akubwereketsa kwa mnyamata wina, agawana madzulo.
Ndinamugulira tiyi. Ndinati ndi za sukulu,
dzina lako sindilemba.
Unafufuta chiyani?

Anauzira tiyi nthawi yaitali.
Anati, sikuti ndinatukwana boma ayi.
Ndinangolemba kuti ndikuopa.
Ndiye ndinaona anthu ayamba kuwerenga,
asanu, khumi, makumi atatu,
ena ali kumbuyo kwanga mumsewu momwemo.
Mantha amapatsirana ngati chimfine, mlongo.
Ndinawameza.

Ndabwerera wapansi mpaka pa geti ya yunivesite,
matope ofiira akundigwira zidendene.
Mutu wachinayi ukufunika Lolemba.
Patebulo langa "mantha" akuoneka kasanu ndi kawiri kokha,
ndipo a Dokotala adzalemba m'mbali ndi inki yofiira
kuti anthu a ku Mzuzu ndi olimba mtima.

Ndatsegula bokosi lina kumapeto.
Mutu wake sindinaupeze.
Magetsi angothima,
batire yatsala ndi naini.