Lamba wa Chikwama

Wabwera nacho kumsana ngati mwana wodwala,
wachitula pa benchi langa, kuseri kwa mabasi ku Kapata.
"Lamba waduka, achimwene. Ya ku Katete inyamuka ikadzaza."
Ikadzaza! Ndiye kuti nthawi tili nayo.

Dzina ndi Tikambenji, kwawo n'ku Vubwi,
koma mvula yagwa kawiri osaponda pakhomo.
Ine ndikutunga ulusi, iye akukhuthula za m'kati:
matikiti ofufuma, sopo wopyapyala ngati lilime la mphaka,
makobidi a mayiko anayi osagula n'chitumbuwa chomwe kuno.
Dzimbiri la pazipi, akuti, ndi la m'sitima ya ku Mpulungu,
usiku wonse akusanza atatsamira matumba a kapenta.
Chigamba chobiriwirachi anasoka mmisiri wa ku Kigoma.
Wamanzere ameneyo, ndaonera kukhota kwa mfundo.
Kuderaku ndi matope a ku Zumbo,
pomwe bwato linakana kufika pamtunda.

Ine zaka khumi ndi zisanu pa mpando womwewu.
Basi iliyonse ndimaidziwa ndi kulira kwa hutala,
koma ndinalekeza pa mlatho wa Luangwa,
kamodzi, popita kumaliro.

"Vubwi si apa pomwe?" ndafunsa, singano ili kukamwa.
Waseka, maso ali kuphiri la Kanjala.
"Ndikangofika, andibisira chikwamachi."

Ndasoka kawiri ndi ulusi wa nsapato,
nsonga ndawotcha ndi machesi.
Ndalama ndalandira theka.
Mfundo yanga ipite ikaone Tete,
wina kumeneko akaipapase ndi chala
n'kudzifunsa kuti wa ku Chipatayu anali ndani.