Msoko Watha

Kachitatu chaka chino
Abiti Jafali wabwera ndi kabudula wa Twaibu m'jumbo.
"Atelala, muonjezeko pang'ono m'chiunomu."
Ndatembenuza nsalu.
Msoko umene ndinasiya mu Januwale watha,
palibenso poluma singano.
Ndiikapo chigamba cha khaki wina
wosiyanako maonekedwe,
ndipo ana a Sitandade Faifi adzachiona, adzaseka.

Tepi yanga sinama.
Manambala ake anafufutika ndi thukuta la zala
koma imadziwa chiuno cha mwana aliyense pa Kaphatenga.

Ine ndimasoka usiku, magetsi akabwera.
Pazenera ndimaona chiwaya cha amake
tsidya la msewu, poima mabasi opita ku Dwangwa,
ndi Twaibu pabenchi, malaya a sukulu asanavule,
akusenda mbatata, akutsuka mbale,
akuwerenga chenji mofulumira kuposa kondakitala.
Basi ikachoka amatenga foni ya amake.
Nkhope yake imayaka buluu mumdima
mpaka agalu a kumsika atatopa kuuwa.
Tchipisi chotsala sichitayidwa.
Amachidya ali chiimire, maso ali pakagalasi,
osadziwa n'komwe kuti akutafuna.

Tambala wachiwiri, amugwedeza phewa.
Amadutsa pakhonde panga akuyasamula,
chitumbuwa m'kamwa, zigege m'thumba,
makobiri a fulizesi m'dzanja.
Pabwalo anzake anamuika pagolo
poti akathamanga pang'ono ali wefuwefu.
Iye sanakane. Pagolo munthu amatsamira mtengo.

Odutsa amati, "Taonani masaya!
Mwana wa Abiti akudya bwino, bwana wamawa uyu."
Inenso ndinanenapo, ndikuvomera,
ndili ndi mapini pakamwa.

Mwezi watha mawondo atamuwawa
anapita naye kuchipatala ku boma.
Abiti anabwera kudzandisimbira, akupukusa mutu:
"Namwino uja, m'malo mofunsa zimene amadya,
wayamba ndi kufunsa nthawi imene amagona.
Ndaseka. Tulo ndi ndiwo?"
Koma akuti namwino sanaseke.
Akuti thupi la mwana likamanidwa tulo
limalira njala ngakhale m'mimba muli tho,
limaitana shuga, limaitana mafuta,
masana n'kukana kudumpha chingwe.
Akuti wa msinkhu wake azigona maola asanu ndi anayi, kaya khumi.
Tinawerenga pazala, ine ndi Abiti.
Za Twaibu zinathera dzanja limodzi.

"Nanga ndimusiye ndi yani kunyumba?
Basi ya usiku ndiyo imagula makope.
Bambo ake ali ku Joni, foni yawo inasiya kulira."
Sindinayankhe.
Ndinapota ulusi pachala mpaka chinatupa.

Kuseri kwa makina anga kuli mkeka
umene ndimagonapo masana kukatentha,
ndi neti yobooka malo awiri. Ndaisoka.
Dzulo eyiti koloko ndinawoloka msewu
ndi kumugwira dzanja lonona mafuta.
Analira foni. Anatukwana chamumtima, ndinamva.
Anatembenuka kanayi,
kenaka mpweya wake unatalika
ngati nsalu yoyalidwa pathebulo.

Makina a Singa ali ndi phokoso.
Ndawafunditsa chitenje.
Diresi la ukwati la mwana wa a Mbalame lidikire,
ndisoka ndi manja, pang'onopang'ono,
tochi ndaluma m'mano.
Tsidya lija Abiti akuwerenga yekha chenji,
akulakwitsa, akuyambanso.

Sindikudziwa ngati tulo tidzabweza
zimene tinatenga.
Ine ndi telala chabe.
Koma chigamba chija sindinachikhomerere.
Ndangochigwiriza ndi ulusi woyera, wotalikirana,
woti tsiku lina, mwina mvula ikamadzayamba,
ndidzausolole ndi kukoka kamodzi.